Womanga Nyumba kwa Mburuma Ayambe Wafunsa Dzuwa

Munthu amene wayenda pa mseu wocokera pa mlatho wa Luangwa kupita ku boma la Luangwa, limene akuluakulu akali kulicha Feira, waona kuti m'midzi ya Mfumu Yaikulu Mburuma mukuimirira nyumba za njerwa zoocha ndi malata. Ena mwa omanga ndi aphunzitsi, asilikali ndi anamwino amene apuma pa nchito ndipo abwerera kwao. Ena ndi alimi, asodzi ndi amalonda a nsomba ndi mphasa amene akhala akusunga ndalama pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Ici ndi citukuko coyenera kuciyamikira.

Koma pali cinthu cimodzi cimene cikubvutitsa omanga ambiri. Zipupa zikafika pa mtanda, mwini nyumba amakwera basi kupita ku Lusaka ndi ndalama zotsala, kukagula malata, mawindo, zitseko, penti, matailosi, sitovu ndi firiji. Kumeneko maso amakopeka ndi zonyezimira za m'masitolo, ndipo munthu amagula zinthu zoyenera nyumba ya ku Kabulonga, naiwala kuti nyumba yake ili m'cigwa. Makolo anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama za penshoni zimabwera kamodzi kokha, ndipo amene wagula molakwa adzagona ndi colakwa cakeco moyo wake wonse.

CIGWA CILI NDI MALAMULO AKE

Mzinda wa Lusaka uli pamwamba, pa mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yaikulu. Pamene Luangwa athira mu Zambezi, moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe, ndi pa mamita ocepera 400, ndipo awa ndi malo otsika koposa m'dziko lonse la Zambia. Cifukwa ca ici, mu October ndi November kutentha kumafika ndi kupitirira madigiri 40. Mvula nayo ndi yocepa, pakuti dera lino lili m'gulu la madera amene kawirikawiri salandira mamilimita 800 pa caka.

Cina cofunika kukumbukira ndi kutalika kwa ulendo. Kucokera ku Lusaka kufika pa mlatho wa Luangwa, pa mseu wa Great East, ndi makilomita oposa 200, ndipo kucokera pamenepo kufika pa boma ndi pafupifupi makilomita 90. Pompi ikathyoka kapena loko ikakana, sitolo yogulitsa cina cofanana naco siili pafupi. Cotero musanagule cinthu ciliconse, dzifunseni mafunso atatu. Kodi cidzapirira kutentha? Kodi cidzagwira nchito tsiku limene madzi kapena magetsi palibe? Nanga cikaonongeka, kodi mmisiri wa m'mudzi muno angathe kucikonza?

DENGA NDILO LOYAMBA

Makolo athu pofolera ndi udzu anali kudziwa cimene anali kucita, cifukwa udzu sulola kutentha kutsika m'nyumba. Malata amakhala nthawi yaitali ndipo sagwira moto msanga, koma masana amatentha kwambiri, ndipo kutenthako kumatsikira pa anthu. Ndiye cifukwa cake mabanja ena amene amanga nyumba zokongola amagonabe panja pa mphasa mwezi wonse wa October, kumene udzudzu umawapeza mosabvuta.

Posankha malata, yang'anani mtundu wake ndi kucindikala kwake. Malata akuda, obiriwira kwambiri kapena ofiirira amamwa dzuwa, pamene oyera kapena owala amalibweza. Ngati ogulitsa achula nambala ya geji, dziwani kuti nambala yaing'ono ndiyo lata locindikala: geji 28 ndi lolimba kuposa geji 32. Lata lopepuka limachipa tsiku logula, koma limang'ambika pa misomali ikabwera mphepo ya mvula zoyamba. Denga lituluke kunja kwa cipupa masentimita 60 kapena kuposerapo, kuti mthunzi ugwe pa zipupa ndi pa mawindo, ndipo khonde lalikulu musaliyese kutaya ndalama, cifukwa m'cigwa khonde ndilo cipinda cocezeramo.

Siling'i ndi yofunika kwambiri kuposa matailosi. Imaima pakati pa lata lotentha ndi mitu ya ana ogona, makamaka ngati pamwamba pake pasiyidwa timipata totulutsa mpweya wotentha. Mapulanga a denga ndi a siling'i akhale othiridwa mankhwala, pakuti ciswe ca kuno sicicedwa. Ndiponso tikucenjeza amene amagula malata akale a asibesitosi ogwetsedwa ku nyumba za m'tauni: bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, linatsimikiza kuti pfumbi la asibesitosi limayambitsa khansa, ndipo pfumbilo limatuluka pamene malatawo adulidwa, abooledwa kapena asweka.

Denga labwino limaperekanso madzi. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi. Tsono denga la mamita 10 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, m'caka ca mvula ya mamilimita 600, limalandira malita 48,000, amene ndi madiramu oposa 200. Ngalande za m'mphepete mwa denga ndi thanki yobvundikira bwino zingacepetse maulendo a amai ndi ana ku mtsinje, kumene ng'ona ndi mvuu zakhala zikupweteka anthu.

MAWINDO, ZITSEKO NDI PANSI

Windo lalikulu la galasi limodzi losatseguka limaoneka bwino pa cithunzi, koma m'cigwa limasandutsa cipinda kukhala uvuni. Sankhani mawindo otseguka mbali zonse, ndipo muwaike moyang'anizana kuti mphepo ilowe uku ndi kutulukira uko. Mawindo ambiri ayang'ane kumpoto ndi kumwera, pakuti dzuwa la kumadzulo ndilo limapsereza cipinda madzulo, nthawi imene anthu afuna kugona. Pa windo lililonse ndi pa kabowo kalikonse ka mpweya ikani waya wa maso ang'onoang'ono wochinga udzudzu. Mtengo wa waya umenewu ndi wocepa poyerekeza ndi ulendo wa usiku wonyamula mwana wodwala malungo kupita ku cipatala ca Katondwe. Komabe wayawo salowa m'malo mwa neti yogonamo.

Mafulemu a citsulo a zitseko ndi mawindo sadyedwa ndi ciswe. Zitseko za kunja zikhale za thabwa lenileni louma bwino kapena za citsulo. Zitseko zopepuka zija za mphako m'kati zimayenera zipinda za m'kati zokha, cifukwa zikanyowa zimafufuma ndi kusendeka. Gulani loko za mtundu wofala umene makiyi ndi zitsulo zake zimapezeka paliponse.

Pa nkhani ya pansi, ambiri masiku ano amafuna matailosi. Matailosi ndi abwino ndipo amazizira, koma amafuna pansi poyalidwa bwino ndi mmisiri wodziwa, apo ayi amalira ngati ng'oma ndi kusweka. Pa ulendo wautali enanso amafika atasweka kale, ndipo mtundu umene mwagula caka cino mwina simudzaupezanso caka camawa. Amene wasankha matailosi agule oonjezera, bokosi limodzi pa mabokosi 10 alionse, ndipo a m'bafa akhale okhakhala kuti okalamba asaterereke. Koma pansi pa simenti yosalazidwa bwino, yothiridwa utoto wofiira ndi kupukutidwa ndi polishi, monga m'nyumba zakale za Boma, pamakhala zaka makumi ambiri. Cinsinsi cake ndi madzi: simenti yatsopano iyenera kukhala yonyowa kwa masiku 7, cifukwa dzuwa la kuno limaiumitsa isanalimbe, ndipo ikauma msanga imang'ambika. Matumba a simenti asagulidwe miyezi yambiri nchito isanayambe, pakuti amagwirana okha.

Zipupa za kunja zipakidwe penti yoyera kapena laimu. Penti ya mafuta isungidwe ya m'khichini, m'bafa ndi m'munsi mwa zipupa, mmene manja a ana amafika.

CIMBUDZI NDI MADZI

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Cimbudzi ca madzi cimafuna malita 6 mpaka 9 nthawi iliyonse munthu akacigwiritsa nchito. Banja la anthu 6, aliyense akalowamo kanai pa tsiku, lingathe malita oposa 200, amene ndi zigubu 10 za malita 20 kapena kuposerapo. Ngati nyumba ilibe paipi yodalirika kapena thanki yake, funsani kuti adzasenza zigubu zimenezo ndani. Cimbudzi ca madzi copanda madzi cimabweretsa pfungo ndi nchenche m'kati mweni-mweni mwa nyumba.

Pali cimbudzi ca dzenje cokonzedwa bwino cimene cinayambira kwa anansi athu a ku Zimbabwe, ku Blair Research Laboratory, kumene Dr Peter Morgan anacipanga m'zaka za m'ma 1970. Cili ndi paipi yocokera m'dzenje kutulukira pamwamba pa denga, ndipo kukamwa kwa paipiyo kuli waya. Mphepo yopita pamwamba imakoka pfungo, ndipo nchenche zotsata kuwala zimakwera m'paipi ndi kufera pa waya. Sicifuna madzi. Cikumbidwe kutali ndi citsime, mamita 30 kapena kuposerapo. Wofuna cimbudzi ca madzi m'tsogolo angathe kusiyiratu cipinda ndi kuikiratu mapaipi pomanga, nadzagula zotsalazo madzi akadzafika.

Mapaipi a pulasitiki akwiriridwe pansi, cifukwa dzuwa limawaumitsa ndi kuwathyola. Kumene madzi a pa citsime amamveka mcere, pompi za mkuwa zimakhalitsa kuposa zonyezimira zochipa. Giza ya magetsi yotenthetsa madzi osamba imadya mawati 2,000 kapena 3,000, pamene kuno diramu yakuda yoikidwa pa dzuwa imacita nchito yomweyo kwaulere.

ZA MAGETSI ZIBWERE POTSIRIZA

Kwa zaka zambiri magetsi a pa boma la Luangwa anali kucokera ku injini za dizilo za ZESCO, ndipo midzi yambiri inalibe magetsi konse. Bungwe la Rural Electrification Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2003, lili ndi udindo wofikitsa magetsi kumidzi, koma nchitoyi imatenga nthawi. Cilala ca mu 2024 cinatiphunzitsanso kuti ngakhale kumene kuli nthambo magetsi angasowe: madzi atacepa ku Kariba, m'madera ambiri a dziko lino maora opanda magetsi pa tsiku anali ambiri kuposa maora a magetsi. Cotero nyumba yanzeru siidalira njira imodzi yophikira kapena younikira.

Sitovu ya magetsi ya mbale zinai siingayende ndi sola ya panyumba wamba. Sola imanyamula bwino mababu, wailesi, foni, fani ndi firiji yaing'ono. Babu la LED la mawati 9 limaunika ngati babu lakale la mawati 60. Batire liikidwe m'cipinda cozizira ndi copita mphepo, pakuti kutentha kumafupikitsa moyo wake. Nthambo za m'zipupa ziikidwe ndi mmisiri wokhala ndi satifiketi, ngakhale magetsi asanafike, kuti musadzaswe pulasitala pambuyo pake.

Pogula firiji, werengani kapepala kamene kamamatidwa kumbuyo kapena m'kati mwake. Cilembo N citanthauza kuti inapangidwira malo otentha mpaka madigiri 32, ST mpaka 38, ndipo T mpaka 43. Ya kwa Mburuma ndi ya cilembo T. Ina ija idzalira usana ndi usiku mu October, koma nsomba zili m'kati zidzaola.

Khichini ya panja, ya mthunzi ndi yopita mphepo, ikali yofunika, cifukwa imacotsa utsi ndi kutentha m'nyumba yogona. Mbaula yoyaka isalowe m'cipinda cotseka, pakuti mpweya wa makala umapha mwakacetecete. Botolo la gasi nalo likhale pamalo opita mphepo. Ndipo popeza njobvu zimatsata pfungo la cimanga ndi masau, zokolola zisasungidwe m'cipinda cogona. Nkhokwe ya njerwa ndi simenti yochedwa felumbu, yomangidwa padera, imateteza cakudya ndi anthu omwe.

FUNSANI MUSANAKWERE BASI

Mutu umodzi susenza denga. Bambo asapite yekha kukasankha sinki, sitovu ndi malo a pompi, pamene amene adzazigwiritsa nchito tsiku ndi tsiku ndi mai wa panyumba. Khalani pansi ndi mai ndi mmisiri wanu, lembani miyeso yonse pa pepala, ndipo kayendereni nyumba za anansi zimene zatha zaka zisanu kapena khumi, masana dzuwa lili pamutu, kuti mumve nokha cipinda cimene cimakhalika. Pogula, landirani lisiti ndi pepala la citsimikizo, ndipo tsegulani mabokosi katundu asanakwere galimoto. Safunsa anadya phula.

Ndalama zikacepa, tsatani ndondomeko iyi: coyamba denga ndi siling'i, caciwiri mawindo, waya wa udzudzu ndi zitseko, cacitatu pansi, cimbudzi ndi thanki ya madzi, ndipo potsiriza matailosi, mipando ndi zamagetsi. Firiji ndi wailesi ya kanema mungagule caka ciliconse mutakolola kapena mutagulitsa nsomba. Koma windo loikidwa molakwa ndi denga lofupika sizisinthika popanda kugumula. Tikupempha mafumu a midzi, makhansala ndi aphunzitsi kuti awerengere anthu ao nkhani ino, makamaka iwo amene njerwa zao zaochedwa kale ndipo akuyembekeza kuyamba kumanga mvula ikatha.