Ndinalumbira kuti sindidzagubitsanso ana, koma a kwa Kapichi andibweza pa perete

Akonzi, ndiloleni ndifotokoze nkhani ya wezulo yanga, yomwe inagona m'sutikesi kwa zaka pafupifupi 30.

M'mwezi wa Juni chaka chatha, chiperoni chitaphimba minda ya tiyi moti sungaone ndi nyumba ya mnzako yomwe, kunyumba kwanga kunabwera mnyamata amene amatsogolera gulu la ana pa tchalitchi china kuno kwa Kapichi. Titalonjerana pakhonde, anati: "Aphunzitsi, tamva kuti kale munkagubitsa ana. Tili ndi mpikisano wa perete mu Ogasiti, koma ana athu akati agube amangokhala ngati anapiye othawa kabawi. Tithandizeniko."

Ndinamuuza kuti apite bwino. Ndinali ndi chifukwa changa.

Ndinayamba uphunzitsi wa pulaimale m'zaka za m'ma 1980. Amene analipo akukumbukira Sabata ya Achinyamata, pamene ana asukulu ankalambula misewu, kukonza milatho ndi kuthandiza okalamba, ndipo zonse zinkathera pabwalo ndi perete. Poti ndinali ndi mawu aakulu, ntchito yogubitsa ana inkagwera ine. Luso lake tinkaonera kwa apayoniya, a Malawi Young Pioneers, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1963. Kuno ku Thyolo anali ndi malo ophunzitsira ku Amalika, ku Zomba anali ku Nasawa. Tisaname, anyamata ndi atsikana ambiri anaphunzirako ulimi, ukalipentala ndi zomangamanga. Ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, tinkaziloweza ngati pemphero.

Koma tonse tikuidziwanso mbali inayo. Mapazi omwe ankagunda pansi mokoma pa Kamuzu Stadium ndi omwenso ankaima, pamodzi ndi anyamata a malaya ofiira, pa zipata za misika ndi pokwerera basi kufunsa khadi la chipani. Gululo linadzakhala ndi mfuti zakezake, ndipo linatha mu Disembala 1993 pamene asilikali a dziko lino analilanda zida pa Operation Bwezani.

Ine ndinatsala ndi mlandu wanga mumtima. Palibe amene anandituma kuzunza mwana, koma ndinkatero. Mwana akasemphanitsa phazi ndinkamudumphitsa ngati chule kuzungulira bwalo, ndipo wina anakomokapo ndi dzuwa. Zinthu zitasintha mu 1994 ndinaponya wezulo m'sutikesi, n'kudziuza kuti kuguba kumangophunzitsa mwana kusiya kuganiza.

Zomwe taona m'zaka za demokalase sizinandisinthe maganizo. Taonani mmene mawu oti "kadeti" anaonongekera kwathu kuno. Ukawatchula, anthu amaona mnyamata wodzipaka penti ya chipani, wolandira tindalama kuti akasokoneze msonkhano wa anzake. Chonsecho kwina mawuwa ndi aulemu. Ku Britain kuli Air Training Corps, ku Canada kuli Royal Canadian Air Cadets, magulu omwe anayamba mu 1941 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Ana amalowamo kuyambira zaka 12, amaphunzira za ndege, ena mpaka kuziulutsa, ndipo amapikisana pa kuguba oweruza atagwira mapepala, kuchotsa mapointi pa phazi lililonse lochedwa. Ine ndinkati zimenezo n'zakwawo, ife tinapsa kale.

Amene anandigonjetsa ndi mdzukulu wanga wa Sitandade 6, yemwe ali m'gulu lija. Sanandinyengerere. Anangoyamba kuyeserera pabwalo la nyumba madzulo, dzanja lamanja likupita pamodzi ndi mwendo wamanja ngati chidole. Ndinapirira masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinangozindikira ndikukuwa kuchokera pakhonde: "Iwe! Dzanja lamanja limapita ndi phazi lamanzere!" Agogo ake aakazi anaseka chikhakhali, n'kulowa kuchipinda kukanditengera wezulo ija.

Amene sanagubepo amayesa ndi kungoyenda. Perete amene timachita m'Malawi muno tinatengera kwa asilikali a Britain, ndipo ali ndi miyeso yake. Sitepe imodzi ndi mainchesi 30, pafupifupi masentimita 76. Pa kuguba kofulumira mumaponda pafupifupi ka 120 pa mphindi imodzi, kutanthauza kawiri pa sekondi. Kuguba kwapang'onopang'ono, kuja timaona pa maliro a boma, ndi pafupifupi theka la liwiro limeneli, ndipo n'kovuta kuposa kofulumira chifukwa mwendo umayenera kudikira usanaponde. Mwana wa zaka 10 sangakwanitse masentimita 76, choncho tinalemba mizere ya phulusa pabwalo la mpira, yotalikirana masentimita 60, ndipo aatali anayenera kufupikitsa sitepe yawo. Ng'oma tinalibe, tinkamenya chigubu cha malita 20.

Lamulo nalo limakhala pawiri. Mawu oyamba amakokedwa, ndi ochenjeza. Achiwiri ndi afupi, akuthwa, ndipo ndi pamene thupi limasuntha. Wolamula akati "Abouuut", aliyense amakonzeka, akati "turn!", onse amatembenukira kumanja nthawi imodzi. Gulu likakhala kuti likuyenda, mawu omalizawo ayenera kugwera pa phazi loyenera, apo ayi mzere wonse umasokonekera ana asanalakwe kanthu. Nthawi zambiri perete akaonongeka, wolakwa amakhala wolamula. Kale ndinkazidziwa zimenezi, koma chibalo chinkagwera anabe.

Pali chinanso chomwe ndachimvetsa ndili ndi imvi. Wolamula amalankhula kamodzi, kenaka masitepe 30 kapena 40 amadutsa iye ali chete. M'kati monsemo chimene chimasunga mzere ndi khutu lomva phazi la mnzako, ndi m'mbali mwa diso moonera phewa lake. Zili ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: wina akasiya kumvera musi wa mnzake, misi imaombana. Ukafulumira wekha waononga, ukachedwa wekha waononganso.

Panali mnyamata wa zaka 13, wamtali, amene tinamuika kumapeto a kumanja kwa mzere woyamba, malo amene ena onse amayezerapo. Ankachedwa tsiku lililonse. Tsiku lina anafika titatha ola lathunthu, ndipo mzimu wakale unandibwerera. Ndinamulamula kuti adumphe ngati chule kuzungulira bwalo kawiri. Mnyamatayo ananyonyomala n'kugwira makutu, osanena kanthu.

Apo mtsikana wa zaka 15, amene anzake anamusankha kukhala wolamula gulu, anabwera kutsogolo kwanga, anapinda maondo mwaulemu, n'kunena motsitsa mawu: "Agogo, pepani. Kuno sitipatsana chibalo, tinagwirizana choncho. Komanso mukanamufunsa kaye chomwe amachedwera."

M'masiku anga mwana sakanayerekeza n'komwe. Ndinaima duu, wezulo ili kukamwa, kenaka ndinafunsa.

Aliyense wa ku Thyolo amadziwa kuti ntchito yothyola tiyi imachuluka nthawi ya dzinja, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo. Mvula ikatha masamba amachepa, ndipo ambiri olembedwa ntchito ya nyengo amakhala pakhomo kudikira mvula ina. Mayi ake a mnyamatayu anali m'gulu limenelo. Iye akaweruka kusukulu ankasenza beseni la zitumbuwa kupita nalo pamsika, ndipo sankabwera ku perete mpaka zitatha. Ndalama imeneyo ndiyo inali ufa wa madzulo.

Ana anakambirana okha, ine nditakhala pa chitsa. Anasuntha nthawi yoyambira kuchoka 3 koloko kufika 4:30, ndipo poti mu Julayi dzuwa limalowa msanga, anawonjezerapo Lamulungu masana. Awiri anadzipereka kumamuthandiza kugulitsa kuti zizitha msanga. Ine ndinamupepesa mnyamatayo pamaso pa anzake, chinthu chomwe sindinachitepo pa zaka zonse za uphunzitsi wanga.

Usiku umenewo ndinagona mochedwa. Ndinaona kuti kwa zaka 30 ndinkaimba mlandu phazi lamanzere ndi lamanja, pamene chomwe chinaipa chinali chakuti wolamula sankafunsidwa funso, ndipo mwana analibe ufulu wonena kuti sakufuna. Ana awa amabwera okha, amasankha okha wowalamula, ndipo wowalamulayo angathe kuuza gogo ngati ine kuti walakwa.

Ndinakumbukiranso kuti makolo athu anachitapo kale zimenezi. Gulu la asilikali la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo amuna ambiri a dziko lino anapita nalo ku nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija. Zomwe anaona pa perete wa azungu anazisandutsa magule: beni wa ku Mangochi ndi Machinga, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda wa m'chigawo chapakati. Muli mizere, muli maudindo ngati a asilikali, muli zovala zochita kusita, ndipo magulu amachezerana n'kupikisana, koma mulibe mfuti. Nawo a mipingo anachita chimodzimodzi. William Alexander Smith anayambitsa Boys' Brigade ku Glasgow mu 1883 atavutika ndi anyamata osamva a Sande Sukulu, ndipo chida chake chinali perete. Mpingo wa Seventh-day Adventist, womwe uli ku Malamulo ku Makwasa kuyambira 1902, uli ndi ma Pathfinder, gulu lomwe mpingowo unalivomereza pa dziko lonse mu 1950, ndipo masikafu awo achikasu ndi odziwika m'misewu ya boma lino. Kuguba sikunayambe ndi apayoniya, ndipo sikunathe nawo.

Tsiku la mpikisano tinanyamuka mbandakucha pa lole yobwereka, ana 24 atakumbatira mayunifolomu awo m'majumbo kuopa fumbi. Magulu analipo asanu ndi atatu. Ena anafika ndi nsapato zofanana, zowala, ndi ng'oma zenizeni. Athu ena anavala nsapato za akulu awo, atathiramo mapepala kutsogolo kuti zisavuke.

Oweruza anayamba ndi kuyendera zovala. Kenaka kunabwera kuguba kotsatira malamulo, ndipo apa mtima wanga unaima. Wolamula atati "Right turn!", mdzukulu wanga anatembenukira kumanzere, n'kupezeka akuyang'anizana maso ndi maso ndi mnzake. Anthu anaseka. Mwa ana athu palibe anatembenuza mutu ngakhale mmodzi. Mwanayo anazungulira mwachangu, n'kulowa mu sitepe ya anzake ngati palibe chachitika.

Gawo lomaliza ndi limene gulu limaonetsa zimene lakonza lokha, popanda mawu a wolamula, kumangowerenga masitepe mumtima. Apa ine sindinaikepo nzeru yanga. Ana anagawana mizere iwiri yomwe inapindika n'kutambasuka, ndipo kamtsikana kakang'ono kuposa onse kanatsala pakati, kataima njo. Kwa kanthawi anthu anali zii. Kenaka mayi wina anakuwa kuti "Ndi tiyi ameneyo!" ndipo nthungululu zinamveka bwalo lonse. Anali masamba awiri ndi kansonga, chimene wothyola tiyi aliyense amaphunzitsidwa tsiku loyamba, chimene chimadyetsa mabanja a ana omwewo. Mnyamata wa zitumbuwa uja ndiye anatsogolera tsamba lakumanja.

Tinakhala nambala 3. Mapointi ambiri tinatayira pa zovala, ena pa kulakwitsa kuja. Pobwerera, ana anamuseka mdzukulu wanga njira yonse, iyenso akuseka nawo, akugawana nzimbe. M'masiku anga akanabwerera akulira, ndipo chaka chinacho sakanabweranso.

Ndili ndi mapempho atatu. Kwa onse okonza mipikisano yotereyi, kaya ndi a mipingo, a masikauti kapena a sukulu: ukhondo uziwerengedwa ndithu, malaya azichapidwa ndi kusitidwa, koma mtengo wa nsapato usamapose luso la phazi lomwe lili m'nsapatomo. Mwana wa wothyola tiyi sangapikisane pa thumba, koma pa sitepe angathe.

Kwa makolo anzanga: musawaletse ana kuguba chifukwa cha zipsera zathu, koma musangowapereka kwa aliyense wokhala ndi wezulo. Funsani kuti akuwalamula ndani, ndipo anamusankha ndani. Funsani ngati mwana angathe kufunsa funso kapena kusiya popanda kuopsezedwa. Funsani kuti perete akatha, mzerewo umalowera kuti. Ngati ukulowera kumsonkhano wa chipani, muitanitseni mwana wanu abwerere kunyumba.

Kwa andale: ana amene aphunzira kuyenda ngati munthu mmodzi amaoneka okoma pa nsanja ya kampeni, ndipo ndi apo pamene tinagwera kale. Asiyeni. Ngati mukufuna kuthandiza, gulani ng'oma, salazani mabwalo, koma musalembepo dzina lanu.

Chaka chino chiperoni chikayamba ndidzapitanso kubwalo, koma ndidzakhala pa chitsa changa chija kuwerenga masitepe. Wezulo ndinaipereka kwa mtsikana uja. Atailandira ndi manja awiri anandiuza kuti saigwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa anzake amamumva ndi mawu okha.

Mphunzitsi wopuma,
Kwa Kapichi, Thyolo