Ndinagula dzuwa pa hadiweya, linandidyera malata 13 ndi theka

Abale anga a pamsika, paja timati dzuwa n'laulere. Ine ndinaligula, ndipo ndinalipira kawiri. Khalani pansi ndikuwerengereni, mwina wina wa inu apulumutsa mpamba wake.

Nyumba yathu ili ku Bangwe, ya zipinda zitatu, yamalata, yopanda siling'i. Chipinda chapakati chinali ndi windo limodzi lokha. Tsiku lina neba anayamba kumanga nyumba za lendi, khoma lake n'kudzaima pafupi ndi windo lathulo moti pakati pake pamangodutsa mphaka. Sindikumuda, malo ndi ake. Koma kuyambira pamenepo chipindacho chinasanduka phanga: 12 koloko masana mumakhala ngati 7 koloko usiku.

Tsono chipinda chimenechi n'chimene chimatidyetsa. Mayi a kunyumba amachita geni ya kaunjika mumsika wa Limbe, ndipo akaoda belo amamasulira m'menemo. Inu a kaunjika mukudziwa kuti phindu la belo lagona posankha. Kabowo kamodzi kakakupitirirani, kaya banga la pakhwapa, kasitomala akakaliona padzuwa kumsika, malaya a nambala wani agwera pa mulu wa zotchipa basi.

Poyamba tinkangoyatsa getsi masana onse. Kenaka mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kamodzin'kamodzi. Nonse mukukumbukira mmene magetsi ankazimira chaka chimenecho. Ife tinabwerera ku kandulo. Tsiku lina m'nyengo yozizira kandulo inagwera pa diresi ya nayiloni, ndipo chikhala kuti chidebe cha madzi sichinali pakhomo, lero bwenzi mukuwerenga nkhani ina.

Madzulo ake mayi anandikhazika pansi. "Bambo, musankhe chimodzi. Muboole thumba mugule sola, kapena muboole denga."

Ndinasuzumira m'thumba, n'kusankha denga.

Tisanapite patali, timvane. M'nyumba za mabwana ku Namiwawa ndi ku Sunnyside muli mawindo enieni a padenga, agalasi lochindikala, okhala ndi felemu yakeyake, ena otsegula ndi kutseka. Zimenezo tizisiye, n'za anzathu. Windo la padenga la ife a ku Bangwe, ku Ndirande ndi ku Kawale ndi lata loonekera: umachotsa lata limodzi lachitsulo n'kuikapo lapulasitiki lamizere yofanana, kuwala n'kumatsikira pamenepo. Mwaliona m'mashedi a pamsika, m'zigayo ndi m'matchalitchi ena.

Mitengo ndiiwerenga m'malata, osati m'makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye nditati ndikulembereni zimene ndinalipira nthawi imeneyo mukhoza kukatukwanizana ndi mwini hadiweya pachabe. Muyeso wanga ndi lata wamba limodzi la geji 28, lotalika mafiti 10. Pitani mukafunse mtengo wake lero, muchulukitse nokha. Ndinu anthu a masamu kuposa ine.

Ulendo woyamba ndinachita ngati munthu wochenjera. Pa hadiweya anandionetsa mitundu itatu. Loyamba linali lapulasitiki wopyapyala, loti ukaligwedeza limalira ngati pepala. Lachiwiri la fibreglass, lokhala ndi timaulusi m'kati. Lachitatu la polycarbonate, limene mtengo wake unandichititsa kufunsa kawiri ngati ndamva bwino. Ndinanyamula lopyapyalalo pa mtengo wa lata limodzi. Ine mumtima: pulasitiki ndi pulasitiki, dzuwa ndi lomwelo.

Kalipentala weniweni sindinamufune. Ndinaitana mnyamata wina wa m'dera mwathu amene amakhoma makola a nkhuku, tinagwirizana theka la lata. Anakwera, anazula lata lakale, anayala latsopano, n'kulikhoma ndi misomali ya denga ndi hamala, pho pho pho, ngati akukhoma chitsulo. Pasanathe maola awiri ntchito yatha.

Ndisaname, tsiku limenelo tinasangalala. Chipinda chinawala mbee! Mayi anaona mabanga pa zovala zimene anali atazisankha kale kuti n'zabwino. Ana anapeza ndolo imene inasowa chaka chathunthu. Ine ndinayenda mokhumbiza sabata yonse, kumauza aliyense pa bawo kuti nzeru sagula.

Kunabwera October. Dzuwa la mwezi umenewo kuno kwathu limakhala pafupifupi paliwombo penipeni, ndipo lata langa linali loyera ngati galasi, komanso mbali yoyang'ana kumadzulo. Pofika 2 koloko m'chipindamo mumakhala ngati mu uvuni wa masikono. Zovala zakuda zimene zinali pansi pa kuwalako zinayamba kusuluka. Chimene sindinachione n'chakuti pa msomali uliwonse panali patayamba kamng'alu, kakang'ono ngati tsitsi.

Mvula ya December inandionetsa. Inagwa usiku, ife tili m'tulo, belo latsopano litamasulidwa pansi. Kutacha tinapeza madzi ali thapwi, ena atatsika ndi dzimbiri la misomali n'kudontha pa malaya oyera. Tinayanika zimene tinatha, koma dzuwa silinatuluke masiku atatu ndipo zina zinachita chuku. Mayi atawerengera zotayika, zinakwana mtengo wa malata anayi. Sanandikalipire. Anangolemba m'kabuku kawo ka geni, pa tsamba la ngongole, n'kuikapo dzina langa. Bola akanandikalipira.

Apa m'pamene ndinatsitsa mapewa n'kupita kwa kalipentala wina wachikulire amene wakhoma madenga zaka zambiri. Anakwera, anayang'ana, anatsika, n'kupempha madzi akumwa kaye.

"Achimwene, anakukhomerani ndani?"

"Mwana wina wa konkuno, madala."

"Musamudandaule. Iye anakhoma chitsulo. Inu munamupatsa pulasitiki."

Zimene anandiphunzitsa tsiku limenelo n'zimene ndikufuna mumve, chifukwa ndalama zimathera pamenepa. Pulasitiki akatenthedwa amafutukuka kuposa chitsulo, polycarbonate kuposa kasanu. Masana amatambasuka, usiku amabwerera. Ukamupanikiza ndi msomali alibe kolowera, amang'ambika. Choncho lata loonekera salikhoma ndi hamala. Amayamba aboola ndi choboolera, bowo lokulirapo pang'ono kuposa sikuluwu, mamilimita awiri kapena atatu, kenaka n'kumanga ndi masikuluwu okhala ndi timphira, osalimbitsa mpaka kufinya. Ndipo amamanga pamwamba pa mzere, osati m'ngalande moyenda madzi.

Chachiwiri, mizere ifanane. Ngati denga lanu ndi la malata amizere yozungulira aja, musagule loonekera la IBR poti latchipa, sizigonerana ndipo mpata wake sungatsekeke ndi phula. M'mbali lata lilowerane ndi linzake mzere umodzi ndi theka, ndipo lam'mwamba ligonere pa lam'munsi kuti madzi azingotsetsereka. Polycarbonate wabwino ali ndi mbali imodzi yotetezedwa ku dzuwa, yolembedwa pa kapepala komata. Mukaitembenuzira pansi, mwalipira mtengo wa lolimba koma lidzafuwira ndi kuuma msanga. Fibreglass nayo ikakalamba imachita chikasu, timaulusi tija n'kumagwira fumbi, kuwala n'kumachepa chaka ndi chaka.

Ngakhale silikoni, abale, ali ndi mitundu. Madalawo ananditsegulitsa chubu kuti ndinunkhize. Wonunkha ngati viniga uja amadya malata ndipo sagwirizana ndi polycarbonate. Ofunika ndi wosanunkha asidi, amene pa chubu amalemba kuti neutral. Ine ndinali nditagula kale wavinigayo. Ali pa windo mpaka lero, ndimamuyang'ana ndikafuna kudzichepetsa.

Tsono nayi bilu ya ulendo wachiwiri, mu January 2023. Lata la polycarbonate, loyera ngati mkaka osati loonekera ngati galasi, poti limeneli limamwaza kuwala ndipo silitentha kwambiri: malata atatu. Masikuluwu, timphira ndi silikoni: lata limodzi. Kalipentala, amene anagwira tsiku lathunthu chifukwa anabwezeretsa chitsulo kumadzulo kuja n'kusamutsira loonekeralo mbali ya kum'mawa, kumene dzuwa limafika lisanapse: lata ndi theka. Thabwa loonjezera pa phaso kuti pulasitiki asagwe mimba, ndi wonyamula katundu, poti kondakitala wa minibasi anangoliyang'ana n'kuseka: theka la lata.

Ndinkayesa ndamaliza. Madala aja akutsuka m'manja anandifunsa kuti m'chipindamo mumagona chiyani. Ndinati mabelo. Anati: "Ndiye mwawatsegulira chitseko anyamata a usiku. Chitsulo chimalira akamachidula. Pulasitiki salira kwenikweni." Mawa lake ndinali kwa wowotcherera, kukapangitsa zitsulo zopingasa zomangira kunsi kwa latalo, pa mapaso. Malata ena awiri.

Muwerenge nokha. Ntchito yabwino inakwana malata asanu ndi atatu, ndipo pa amenewo lata loonekeralo linangodya atatu. Otsalawo ndi zinthu zimene pa kauntala ya hadiweya palibe amene amakuuza. Mukaonjeza lata ndi theka la ulendo woyamba ndi anayi a zovala zoonongeka, ndi 13 ndi theka. Denga la kachipinda konse limenelo, aise.

Inu a siling'i, yanu ndi ina. Kuwala sikudutsa bolodi. Pamafunika kudula siling'i, kumanga kabokosi kochokera kudenga kufika pa bolodiyo, kukapaka penti yoyera, mwinanso kutseka kunsi ndi pulasitiki wina kuti fumbi ndi makoswe zisamagwere m'nyumba. Matabwa, bolodi, penti ndi tsiku lina la mmisiri, zonsezo muonjeze pamwamba. Inu a lendi, kambani kaye ndi landilodi, ndipo mugwirizane ngati adzachotsera pa lendi. Tsiku losamuka bedi mudzanyamula, koma lata lili padenga ndi lake. Ndipo aliyense asaliike pamwamba pa mbaula. Pulasitiki ndi moto sapatsana moni, ndipo utsi umalidetsa mwezi usanathe.

China chimene ndimachiopa kuposa akuba ndi ana. Mpira ukagwera padenga, mnyamata amakwera osaganiza. Lata loonekera likachita fumbi limafanana ndi anzake, koma munthu kupondapo akhoza kutsikira m'nyumba ndi mutu. Ana a pamzere wathu onse ndinawaitana n'kuwalozera. Mpira ukakwera, amandidikira ine ndi nsungwi.

Wina anena kuti malata asanu ndi atatu ndi mpamba wa geni yonse. Zoona. Ilipo njira ya m'mphawi, ndipo anaitulukira ndi makaniko wa ku Brazil, Alfredo Moser, mumzinda wa Uberaba mu 2002, nawonso magetsi akuvuta. Botolo lapulasitiki loyera la malita awiri, kudzaza madzi, kuthiramo Jik pang'ono kuti musamere ndere, kutseka bwino, n'kulilowetsa pa bowo la lata, mutu kunja, thupi m'kati, kumata m'mbali kuti pasadonthe. Madzi aja amapinda kuwala n'kukumwaza chipinda chonse, ndipo dzuwa likakhala bwino limawala ngati babu la mawati 40 mpaka 60. Ku Philippines bungwe la Liter of Light linaifalitsa njirayi kuyambira 2011 m'nyumba zothinana ngati zathuzi. Ine ndinaika limodzi kubafa. Botolo ndinatola, Jik ndinapempha, silikoni anali wotsala kwa madala aja. Posankhira kaunjika silingakwane, koma sopo ukagwa umaupeza.

Mayeso enieni a denga langa anabwera mu March 2023, pamene namondwe Freddy anakhuthula mvula masiku angapo osakata mu Blantyre, n'kutenga miyoyo ya abale athu ambiri ku Chilobwe ndi madera ena. Pa zimene anthu anataya sabata imeneyo, za lata langa n'zochititsa manyazi kuzitchula. Ndingoti usiku uliwonse ndinkadzuka ndi tochi kukayang'ana pa masikuluwu paja, ndipo sipanadonthe.

Lero mayi amamasula belo 6 koloko m'mawa, kuwala kukangoyamba, pofika 8 ali pa benchi ku Limbe. Getsi la m'chipindamo masana sitiyatsanso, mayunitsi akukhalitsako. M'nyengo yotentha timapachika chitenje chakale kunsi kwa zitsulo zija dzuwa likakwera, zovala zakuda n'kuziika pakona. Kawiri pachaka ndimakwera ndi chidebe ndi kansanza kofewa kukapukuta fumbi, ndikuponda pa mizere ya misomali pamene pali phaso. Usiku, ndithudi, latalo silithandiza kanthu, kupatula mwezi ukakhala wathunthu.

Dzulo ndinasuzumira m'kabuku ka geni kaja. Malata anayi aja akadali pa dzina langa. Ndinafunsa ngati kuwala kwa zaka zonsezi sikunabweze ngongoleyo.

"Dzuwa n'la Mulungu, bambo," anatero mayi osadzutsa mutu pa mulu wa masiketi. "Inu munangoboola."