Kusankha quarterback wochokera ku koleji: ntchito yomwe imazunguza matimu a NFL

Chaka chilichonse kumapeto kwa mwezi wa Epulo, matimu 32 a mu ligi ya National Football League ya ku America, yomwe mwachidule imatchedwa NFL, amagawana osewera achinyamata ochokera m'makoleji pa mwambo wa NFL Draft. Mwa osewera onse omwe amasankhidwa pa mwambowu, palibe amene amadwalitsa mutu akuluakulu a matimu ngati quarterback, ndipo mbiri ya ligiyi ikuonetsa kuti ngakhale akatswiri a ntchitoyi amaphonya kawirikawiri.

Mpira umenewu ndi wosiyana ndi wamiyendo chifukwa umaseweredwa kwambiri ndi manja, ngakhale kuti timu iliyonse imakhalanso ndi osewera 11 m'bwalo. Quarterback ndiye amatsogolera anzake timu ikamaukira. Iye amayang'ana momwe adani aimira, kenaka amasankha kuponyera mnzake mpira, kuupereka m'manja mwa wothamanga, kapena kuthamanga nawo yekha. Nthawi zambiri amakhala ndi masekondi pafupifupi atatu okha adani asanamufikire.

Mwambo wosankha osewerawu udayamba mu 1936, ndipo kuyambira mu 1994 umakhala ndi ndime 7. Malinga ndi malamulo a ligiyi, timu yomwe idagonja kwambiri m'chaka chapitacho ndiyo imayamba kusankha, pomwe yomwe idatenga chikho cha Super Bowl imasankha pomaliza, koma matimu amaloledwa kusinthana malo. Wosewera amaloledwa kulowa nawo pokhapokha ngati patha zaka zitatu chimalizireni sukulu ya sekondale.

Ntchito younika imayamba kale mwezi wa Epulo usanafike. Timu iliyonse ili ndi akatswiri osaka osewera omwe amayendera makoleji, kucheza ndi aphunzitsi komanso kuonera makanema a masewero mobwerezabwereza. Pa kanema amafuna kuona ngati mpira ukufika pamalo oyenera, ngati wosewerayo amauponya mnzake asanafike pomwe akuyenera kuulandirira, komanso zomwe amachita munthu woyamba yemwe amafuna kumuponyera akatsekerezedwa. Amaonanso ngati amadekha adani akamuzinga.

Masewero a m'makoleji akatha, ena mwa osewerawa amaitanidwa ku Senior Bowl mumzinda wa Mobile m'chigawo cha Alabama. Kenaka osewera oposa 300 amapita ku Indianapolis ku mayeso otchedwa Combine, omwe akhala akuchitikira mumzindawu kuyambira mu 1987. Kumeneko madokotala amawapima, amayezedwa msinkhu, kulemera ndi kukula kwa dzanja, ndipo ambiri amathamanga mtunda wa mayadi 40, omwe ndi pafupifupi mamita 37. Matimu amawafunsanso mafunso pamasom'pamaso kwa mphindi zosakwana 20. Mayeso olemba a Wonderlic, a mafunso 50 m'mphindi 12, ligiyi idasiya kuwapereka ku Combine mu 2022.

Vuto ndi lakuti zinthu zomwe zimayezeka mosavuta si zomwe zimapambanitsa masewero. Mu 2000, Tom Brady wa ku yunivesite ya Michigan adathamanga mayadi 40 m'masekondi 5.28, liwiro lochepa kwambiri, ndipo adasankhidwa pa nambala 199 ndi timu ya New England Patriots, ma quarterback ena asanu ndi mmodzi atatengedwa kale. Pomwe amapuma mu 2023 n'kuti atapambana Super Bowl maulendo 7. Naye Russell Wilson adatsikira mu ndime yachitatu mu 2012 kaamba ka kufupika, koma adatenga chikho ndi Seattle Seahawks mu Febuluwale 2014.

Kumbali ina, chikomekome cha mkuyu chagwetsa matimu ambiri m'mavuto. Mu 1998 akatswiri ankatsutsana kuti woposa mnzake ndani pakati pa Peyton Manning wa ku Tennessee ndi Ryan Leaf wa ku Washington State, yemwe ankatamandidwa chifukwa cha mphamvu ya mkono. Indianapolis Colts idatenga Manning pa nambala 1 ndipo San Diego Chargers idatenga Leaf pa nambala 2. Manning adapata kasanu mphoto ya wosewera wopambana onse mu ligi, pomwe Leaf adasewera komaliza mu 2001 atathandiza kugoletsa zigoli 14 zokha ndi kulanditsa mpira kwa adani maulendo 36.

Ichi n'chifukwa chake akatswiri ena amakhulupirira kwambiri kuchuluka kwa masewero omwe munthu wasewera ku koleji. Mphunzitsi wakale Bill Parcells amadziwika ndi mfundo zake, zina mwa izo zoti quarterback akhale atayamba masewero osachepera 30, ndiponso kuti mipira 60 pa 100 iliyonse yomwe waponya ikhale yofika kwa mnzake.

Pali umboni wogwirizana ndi maganizowa. Mu 2017, Chicago Bears idatenga pa nambala 2 Mitchell Trubisky, yemwe adayamba masewero 13 okha ku North Carolina, ndipo adachoka ku timuyi patatha zaka zinayi. Mu 2021, San Francisco 49ers idapereka mwayi wake wosankha mu ndime yoyamba wa zaka ziwiri zotsatira kuti ikwere pa nambala 3 ndi kutenga Trey Lance, yemwe adali atayamba masewero 17 okha ku North Dakota State. Lance adayamba masewero anayi okha ku timuyi. Yemwe adaifikitsa ku Super Bowl mu Febuluwale 2024 adali Brock Purdy, amene adasewera zaka zinayi ku Iowa State koma adasankhidwa pomalizira penipeni mu 2022, pa nambala 262.

Komabe mfundozi si lamulo. Josh Allen ankafikitsa mipira 56 yokha pa 100 iliyonse ku Wyoming, koma Buffalo Bills idamutenga pa nambala 7 mu 2018 ndipo adakhala wosewera wopambana onse m'chaka cha 2024. Lamar Jackson, yemwe ena ankati asiye udindowu chifukwa ankadalira kuthamanga, adatengedwa ndi Baltimore Ravens pa nambala 32 mu 2018 momwemo, ndipo adapata mphoto yomweyi mu 2019 ndi mu 2023.

China chomwe chimasokoneza kuunikaku ndi kusiyana kwa kaseweredwe. Makoleji ambiri amakonza masewero awo mwakuti wolandira mpira amapezeka ali yekha, pomwe mu NFL mpata umakhala wochepa ndipo adani amabisa zomwe akufuna kuchita. Wounika amayenera kusiyanitsa luso la wosewerayo ndi ubwino wa anzake omuzungulira, zomwe ziwerengero pazokha sizingamuuze.

Nkhani ya ndalama nayo ndi yaikulu. Mu 2010, St. Louis Rams idapatsa Sam Bradford mgwirizano wa madola 78 miliyoni asanasewere ngakhale kamodzi mu ligiyi. Mu 2011 ligi ndi bungwe la osewera adagwirizana zoika malire pa malipiro a osewera atsopano, ndipo Cam Newton, yemwe adali nambala 1 chaka chimenecho, adalandira madola pafupifupi 22 miliyoni pa zaka zinayi. Poyerekeza, mu 2024 Dak Prescott wa Dallas Cowboys adasaina mgwirizano wa madola 60 miliyoni pa chaka. Izi zikutanthauza kuti timu yomwe yasankha bwino imakhala ndi quarterback wotsika mtengo kwa zaka zinayi ndipo ndalama zotsala imalimbitsira malo ena. Yomwe yaphonya imataya zaka, ndipo nthawi zambiri mphunzitsi ndi mkulu woyendetsa timu amachotsedwa ntchito.

Palinso mfundo yoti matimu omwe amasankha koyamba ndi omwe ali ofooka. Mu 2002, David Carr adapita ku Houston Texans, timu yomwe idali yatsopano, ndipo adagwetsedwa asanaponye mpira maulendo 76 m'chaka chake choyamba. Sam Darnold, yemwe adalephera ku New York Jets atasankhidwa pa nambala 3 mu 2018, adapambana masewero 14 mwa 17 ndi Minnesota Vikings mu 2024.

Patrick Mahomes, yemwe Kansas City Chiefs idamutenga pa nambala 10 mu 2017, adalowa m'timu yokhazikika ndipo pafupifupi chaka chonse choyamba adakhala panja akuphunzira kwa Alex Smith ndi mphunzitsi Andy Reid. Pofika mu Febuluwale 2024 adali atapambana Super Bowl katatu.

Ngakhale pali chiopsezo chotere, matimu sasiya kuthamangira osewerawa chifukwa n'kovuta kutenga chikho popanda quarterback waluso. Mu 2021 asanu adasankhidwa m'kati mwa manambala 15 oyambirira, koma pofika mu 2024 Trevor Lawrence yekha ndiye adatsala ku timu yomwe idamusankha. Chaka chomwecho cha 2024, matimu adatenganso ma quarterback asanu ndi mmodzi m'kati mwa manambala 12 oyambirira.