Mmene Mbewu Zimapirira ndi Kukumbukira Kutentha

M'mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, nthaka ya kufupi ndi Bulawayo imatentha monga zimachitikira ku Tete, ku Nsanje ndi m'chigwa cha Luangwa. Pamwamba pa nthaka pakapyola madigiri 45, mmera wa mapira ndi mchewere umavutika kutuluka. Chimanga nacho chikamamasula, mungu wake umafooka kutentha kukapyola madigiri 35, ndipo zitsononkho zimakhala ndi maso ochepa. Kafukufuku wa mu 2011, wochokera ku minda yoyeserera ya mu Afirika, adaonetsa kuti kutentha kopyola madigiri 30 kumachepetsa zokolola za chimanga, makamaka pa nthawi ya chilala.

Mbewu imadziteteza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kutulutsa madzi m'masamba, monga munthu amachitira thukuta. Koma nthaka ikauma njirayi imatsekeka. Yachiwiri ndi kupanga mapuloteni apadera otchedwa HSP, amene amagwiriziza mapuloteni ena kuti asawonongeke. Mu 1984 ofufuza adapeza kuti mmera wa soya woikidwa pa madigiri 40 kwa maola awiri umapirira madigiri 45, amene akanaupha.

Kukonzekaku sikutha tsiku lomwelo. Pa kachitsamba kotchedwa Arabidopsis, puloteni ya HSFA2 imasiya zizindikiro pa majini oteteza, kotero kuti kutentha kukabweranso majiniwo amadzuka msanga. Kukumbuka kumeneku kumakhala masiku owerengeka chabe, ndipo mlimi asayembekezere kuti mbewu yosungidwa m'munda wopserera idzapirira kuposa inzake.

Chokhalitsa ndi mtundu wa mbewu. Kuyambira mu 1983 mpaka 2003, pulogalamu ya SADC ndi ICRISAT ya mapira ndi mchewere idagwira ntchito ku Matopos, kunja kwa Bulawayo. Mapira a Macia, amene ku Botswana amatchedwa Phofu, ndi mchewere wa Okashana 1 wa ku Namibia, umene ku Malawi udatchedwa Nyankhombo, zidafalikira m'mayiko angapo kudzera mu mgwirizanowu. Zimacha msanga, motero zimathawa chilala cha kumapeto kwa dzinja.

Alangizi a m'madera otentha alimbikitse alimi kubzala pa chinyontho chokwanira, kuphimbira nthaka ndi mapesi kuti izizire, ndi kusankha mbewu zocha msanga. M'minda yothirira, madzi asasowe pamene mbewu ikumasula, pakuti ndi m'masiku amenewo pamene zokolola zimatayika kwambiri.