UFA WA M'CITINI NDI NDIWO ZA KU CHAMA

Masiku ano m'masitolo a ku Lusaka, Kitwe ndi Ndola muli zitini zazikulu za ufa umene agulitsa kwa anyamata a mpira, a nkhonya ndi onyamula zitsulo. Ufa umenewu aucha puloteni, ndipo mtengo wace ngwaukulu ndithu. Mbiri yace yafika ngakhale ku Chama, dziko la Asenga m'cigwa ca Luangwa, kotero kuti mnyamata wa mpira kumeneko akhoza kutumiza mau kwa mkulu wace wa ku migodi kuti amgulire citini cimodzi. Munthu wa pa nchito, asanaturutse ndalama zimene anazikhetsera thukuta, ayenera kudziwa bwino cimene ciri m'citinimo.

Puloteni ndi cakudya comanga thupi. Munthu akathamanga kapena akanyamula zolemera, minofu yace ing'ambika pang'ono m'kati, ndipo thupi liikonza ndi puloteni pa nthawi yopuma. Potero minofu ikula nilimba. Puloteni imangidwa ndi tizidutswa ta mitundu 20 tochedwa amino acid. Mitundu 9 mwa imeneyi thupi silingathe kuipanga lokha, koma iyenera kucokera m'zakudya. Cimanga ndi mpunga ziri ndi puloteni pang'ono, koma zisowa mtundu wina wochedwa lysine, umene ucuruka m'nyemba, m'soya ndi m'nsomba. Cifukwa cace nsima ifuna ndiwo zabwino.

Nanga muyeso wace ngwotani? Munthu wamkulu wosacita masewera afuna magalamu 0.8 tsiku liri lonse pa kilogalamu iri yonse ya kulemera kwace. M'caka ca 2016 akatswiri a zakudya ndi masewera a ku America ndi Canada anagwirizana kuti wa masewera afuna pakati pa magalamu 1.2 ndi 2. Tsono mnyamata wolemera makilogalamu 60 afuna magalamu 72 kufikira 120 pa tsiku, ogawidwa katatu kapena kanai.

Ufa wa m'citini si mankhwala ai. Wambiri ucokera ku madzi otsala pamene apanga cizi ndi mkaka. Madziwo awaumitsa nasanduka ufa. Kakapu kamodzi kapatsa magalamu 20 kapena 25. Ubwino wace ndi wakuti sucedwa kukonza ndipo suvuta kunyamula pa ulendo.

Koma muyeso womwewo upezeka m'munda ndi pamsika. Ng'ombe nzocepa m'cigwa cifukwa ca kashembe, komabe Chama ali ndi mpunga wochuka, nsawa, nyemba, nkhuku ndi nsomba. Magalamu 50 a nsinjiro m'phala la m'mawa apatsa pafupifupi magalamu 13, ndipo mazira awiri apatsa 12. Magalamu 100 a nyemba zouma, zophikidwa masana, apatsa 21. Magalamu 50 a kapenta wouma madzulo apatsa pafupifupi 30. Zonse pamodzi zikwana 76, ndipo nsima ndi mpunga ziwonjezera pamwamba pace. Mnyamatayo wakwanitsa muyeso wace wosatsegula citini.

Nsima yosayenera kuicepetsa, pakuti mphamvu ya kuthamanga icokera m'zakudya za ufa. Munthu akacepetsa nsima, thupi litentha puloteni monga nkhuni, ndipo minofu isowa comangira. Ndiponso puloteni yokha sikulitsa minofu ya munthu wokhala pansi. Ikula pamene munthu aigwiritsa nchito nagona mokwanira.

Palinso ngozi ina. M'caka ca 2004 akatswiri a ku Cologne, m'dziko la Germany, anafalitsa zimene anapeza atayesa mitundu 634 ya zakudya zoonjezera zogulidwa m'maiko osiyanasiyana. Pafupifupi 15 mwa 100 ziri zonse zinali ndi mankhwala oletsedwa amene sanalembedwe pa citini. Lamulo la bungwe la WADA, lokhazikitsidwa m'caka ca 1999, liti wa masewera ayankha yekha pa cinthu ciri conse copezeka m'thupi mwace, ngakhale anamwa wosadziwa. Wodwala impso nayenso asayambe ufa wotere asanafunse dotolo.

Zakudya za kumudzi nazo zifuna kusamala. Nsawa za cuku kapena zowawa ziyenera kutayidwa, cifukwa cuku cimeneco cibala ululu woononga ciwindi. Soya ayenera kuphikidwa kapena kukazingidwa bwino asanadyedwe.

Cotero mkulu wa ku migodi wofuna kuthandiza mng'ono wace wa mpira acita bwino kutumiza ndalama za mbeu ya nyemba ndi soya, kapena za nkhuku zoikira mazira. Citini citha m'masabata owerengeka, koma khola la nkhuku lidyetsa mnyamatayo pamodzi ndi ana onse a pakhomo caka conse.