Aluso ogonera m'nkhalango za ku America

Chaka ndi chaka, nkhalango zotetezedwa za ku United States zimalandira alendo amene sabwera kudzangoona nyama. Awa ndi ojambula zithunzi, alakatuli, oimba ndi osema ziboliboli, amene amasankhidwa pakati pa ofunsira ambirimbiri. Wosankhidwayo amapatsidwa kanyumba kogonamo kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo, osalipira lendi. M'malo ambiri, chimene amabweza ndi ntchito imodzi ya manja ake, komanso kucheza ndi anthu odzaona malo za mmene luso lake limayendera.

Ubale wa aluso ndi nkhalangozi ndi wakalekale. Mu 1871, wojambula Thomas Moran ndi mnzake wa kamera William Henry Jackson anatsagana ndi gulu la Ferdinand Hayden lokafufuza dera la Yellowstone. Anthu a m'mizinda ankamva za akasupe othuvula madzi otentha m'mwamba n'kumati ndi nthano za alenje. Zithunzi za awiriwa zitafika kwa aphungu a nyumba ya malamulo ku Washington, kukayika kunatha. Pa 1 Marichi 1872, Pulezidenti Ulysses S. Grant anasainira lamulo loteteza Yellowstone, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamuloyo inagula chithunzi chachikulu cha Moran pa mtengo wa madola 10,000.

Dongosolo la masiku ano linazika mizu ku nkhalango ya Rocky Mountain, m'chigawo cha Colorado, mu 1984. Kumeneko aluso amagona m'nyumba imene kale inali ya mkonzi wa nyuzipepala wa ku Kansas, William Allen White. Lero malo oposa 50 a bungwe la National Park Service ali ndi dongosolo lotere.

Si moyo wofewa ayi. Pa chilumba cha Isle Royale, m'nyanja ya Superior, kanyumba ka aluso kalibe magetsi kapena madzi a m'mipope. Madzi n'ngotunga wekha, chakudya n'chonyamuliratu, ndipo ulendo ndi wa pansi kapena wa pabwato lopalasa. Ku Denali, m'chigawo cha Alaska, aluso akhala akugona m'kanyumba ka mitengo ka East Fork, momwe katswiri Adolph Murie ankakhala pofufuza moyo wa mimbulu kuyambira mu 1939.

Phindu la dongosololi lagona pa nthawi. Mlendo wamba amatsika m'galimoto, kujambula ndi foni, n'kupitirira. Waluso amabwerera pa thanthwe lomwelo m'mawa, masana ndi madzulo mpaka ataona mmene mthunzi umasinthira mtundu wa phiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chimene wodekhayo waona chimakafika kwa mwana wa m'tauni amene mwina sadzapondako kumeneko.

Komabe chithunzi chimatha kubisa. Yellowstone imene anthu a m'mizinda ankaisirira ngati chipululu chopanda mwini inali kwawo kwa a Tukudika, nthambi ya mtundu wa Shoshone, amene anachotsedwamo patapita zaka zochepa. Waluso wa lero ali ndi udindo woonetsa zonse: kukongola kwa malo, eniake akale, ndi madzi oundana a m'mapiri amene akusungunuka chifukwa cha kusintha kwa nyengo.

Mlonda wa nkhalango amathamangitsa wopha nyama, koma sangakakamize munthu kukonda malo amene sanawaonepo. Ntchito imeneyo ndi ya aluso, ndipo boma limene limawapatsa pogona silitaya ndalama.