Fayilo yaikulu siwerengedwa yonse nthawi imodzi

Ena mwa madzi amene anthu a ku Lusaka amamwa amachokera kuno ku Kafue. Amapopedwa mumtsinje, kuyeretsedwa pa Iolanda, n'kuyenda m'mapaipi mtunda wopitirira makilomita 40. Palibe amayembekeza kuti mtsinje wonse uyambe walowa m'thanki. Pulogalamu yolembedwa bwino imawerenganso fayilo chomwecho, pang'onopang'ono koma osaima.

Achinyamata a ku Kafue Estates, dera limene linamangidwira antchito a m'mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia, akamaphunzira Python ayenera kuigwiritsa mfundoyi, makamaka ngati laputopu yawo ndi yakale. Ntchito ya mafayilo aakulu ilipo, ngakhale m'zipatala momwe, poti zambiri za odwala masiku ano zimasungidwa pakompyuta mu pulogalamu ya SmartCare.

Vuto limayambira pa RAM, malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Lamulo la read() limanyamula fayilo yonse n'kuiunjika pamenepo. Kakalata ka tsamba limodzi sikavuta. Koma fayilo ya 6 GB pa laputopu ya RAM ya 4 GB imachititsa makinawo kukwawa, mwinanso pulogalamu kufa. Kuthawira ku Excel sikuthandiza, chifukwa tsamba lake limathera pa mizere 1,048,576.

Njira yabwino ndi yosavuta moti ena amaiderera. Mukatsegula fayilo n'kulemba for line in f, Python imatunga kachigawo kuchokera pa disiki, n'kumakupatsani mzere umodziumodzi. Mzere umene mwathana nawo umachoka, wina n'kulowa, ndipo RAM siidzaza ngakhale fayiloyo ikule chotani. Ogwiritsa ntchito pandas, chida china cha Python, ali ndi chunksize, imene imagawa fayilo ya CSV m'mitolo, tinene ya mizere 10,000. Kuwerenga chilembo chimodzichimodzi nakonso n'kutaya nthawi, pakuti maulendo amachuluka pachabe.

Palinso phindu lina limene ife tikulidziwa bwino. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi opangira magetsi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku. Pulogalamu yoyenda ndi mitolo ikhoza kumalemba pamene yafika, magetsi akabwera n'kupitiriza pomwepo, osayambanso pachiyambi.

Tsegulani fayilo ndi with open kuti izidzitseka yokha ntchito ikatha, ndipo tchulani UTF-8 kuti zilembo monga ŵ zisasanduke zinyalala m'maina a anthu. Musanalembe read(), yang'anani kaye kukula kwa fayiloyo.